Makolo Amene Anakana Kutaya Ana Awo: Mbiri ya Bungwe la PFLAG

Ku Flushing, chigawo china cha mzinda waukulu wa New York m'dziko la America, kunali mayi ena dzina lawo Jeanne Manford, mphunzitsi wa ana a sukulu ya pulayimale, munthu wofatsa ndi wamanyazi, wosazolowera kukweza mawu pagulu. Ndipo anansi awo akadafunsidwa masiku amenewo kuti aloze munthu amene adzautse bungwe lofikira m'zigawo zonse za dzikolo, palibe ndi mmodzi yemwe akadaloza pakhomo pawo. Amuna awo, Bambo Jules Manford, anali dokotala wa mano, ndipo banjali linadalitsidwa ndi ana atatu, ndiwo Charles, Morty ndi Suzanne. Koma Charles anamwalira m'chaka cha 1966 akali mnyamata, kotero kuti pofika nthawi ya zinthu zimene tilongosole muno, mayiwa anali atalawa kale chowawa cha kuika m'manda mwana wa m'mimba mwawo, ndipo anadziwa, monga adziwira okhawo amene anaimapo pa manda otere, kuti manyazi, miseche ya anthu, ngakhale lamulo la boma, sizingalemere kufanana ndi mpando wopanda mwini wake pa nthawi ya chakudya. Amene afuna kumvetsa bungwe la PFLAG, limene limasonkhanitsa makolo, abale ndi abwenzi a amuna okondana ndi amuna anzawo ndi akazi okondana ndi akazi anzawo, ayambire pa mpando umenewu.

Tiyenera kuyamba takumbukira mmene dziko la America linalili m'zaka zimenezo, pakuti wosadziwa kuya kwa mtsinje sangayamike amene anawoloka. Munthu wa mkhalidwe umenewu anali wozingidwa mbali zonse. Malamulo a zigawo zambiri ankamuyesa wopalamula, ndipo ku New York komweko lamulo lotere linakhala la mphamvu kufikira khoti linalithetsa mu 1980; madokotala a matenda a maganizo anali atamulemba m'buku lawo la matenda kuyambira 1952; ndipo mipingo yambiri inkamutchula pa guwa monga chitsanzo cha chivundi. Akadziwika, ntchito inkamuthera, mwini nyumba ankamutulutsa, ndipo apolisi ankathyola zitseko za malo amene iye ndi anzake ankasonkhanako usiku. Makolo nawo sanasiyidwe, pakuti madokotala ena otchuka ankaphunzitsa kuti mwana amakhala wotero chifukwa cha mayi wolamulira mopitirira muyeso ndi bambo wotalikira ana ake. Mwakuti kholo likamva za mwana wake linkasenza mitolo iwiri tsiku limodzi, mtolo wa mantha ndi mtolo wa kudzitsutsa. Chifukwa chake nyumba iliyonse inkatseka mazenera ndi kubisa nkhani yake, poyesa kuti zimenezi zagwera iyo yokha. Ndipo ana ambiri, poona nkhope za owabala zitagwa, ankamanga katundu ndi kukasowera m'mizinda yaikulu, ena a iwo osabweranso.

Morty Manford, amene anabadwa mu 1950, anali mmodzi wa anyamata amene anatopa nako kubisala. Usiku wa pa 28 Juni 1969, pamene apolisi analowa m'nyumba yomweramo mowa yotchedwa Stonewall Inn ku Greenwich Village, ndipo anthu, m'malo mobalalika monga mwa masiku onse, anaima nalimbana nawo, iye anali pomwepo, naona zonse ndi maso ake. Kuyambira pamenepo, akali wophunzira pa Columbia University, anadzipereka ku gulu lotchedwa Gay Activists Alliance, lomenyera ufulu wa anthu onga iye. Mu Epulo 1972 iye ndi anzake analowa mu hotela ya Hilton, kumene atolankhani a za ndale ndi akuluakulu a mzinda ankadya phwando lawo la chaka ndi chaka lotchedwa Inner Circle, nayamba kugawa timapepala todandaula za mmene nyuzipepala zinkalembera za iwo. Anawatulutsa mwankhanza, Morty anamenyedwa ndi kupondedwa, apolisi ali chilili kuyang'ana, kufikira anamutengera kuchipatala. Munthu amene anaimbidwa mlandu wa kumumenya, ndiye mtsogoleri wa mgwirizano wa ozimitsa moto mumzindamo, khoti linamumasula.

Kholo lina likadangothokoza kuti mwana wapulumuka, ndi kumuchonderera kuti aleke zimenezi, dzina la banja lisamveke m'misewu. Mayi Manford anatenga cholembera. Analembera kalata nyuzipepala ya New York Post, imene inasindikizidwa pa 29 Epulo 1972. Ndipo m'kalatamo, atadzudzula apolisi chifukwa cha kulekerera kwawo, ananena poyera kuti ali ndi mwana wamwamuna wokondana ndi amuna anzake, ndi kuti amamukonda, nalemba dzina lawo lenileni pansi pake. Lero mawu otere angamveke opepuka, koma tiganize za mphunzitsi wa ana aang'ono, amene pambuyo pake anayenera kukaima pamaso pa makolo a ana a anthu ndi pamaso pa aphunzitsi anzawo, onse atawerenga nyuzipepala imodzimodziyo. Madzi akatayika saoleka. Ndipo mayiwa sanafune n'komwe kuwaola.

Patapita miyezi iwiri, Morty anapempha amayi ake kuti adzayende naye pa chionetsero chokumbukira za ku Stonewall, chotchedwa Christopher Street Liberation Day March, chimene chinachitika pa 25 Juni 1972. Iwo anavomera, koma anati adzayenda pokhapokha atanyamula chikwangwani chonena chimene abwerera, kuti wina asayese kuti ndi mayi wosochera m'khamu la anthu. Chikwangwanicho chinalembedwa pamanja, ndipo mawu ake ankaitana makolo a ana otere kuti agwirizane ndi kuima kumbuyo kwa ana awo. Pamene anayamba kuyenda, mfuu yaikulu inabuka m'mbali mwa msewu, ndipo iwo anayesa kuti anthu akufuulira Dr. Benjamin Spock, dokotala wa ana wotchuka m'dziko lonselo, amene ankayenda chapafupi. Koma taonani, anyamata ndi atsikana anayamba kutuluka m'khamumo ndi kuthamangira kwa iwo, misozi ili mbwembwembwe, ena kuwakumbatira, ena kuwapsompsona, ndipo pempho limene linkabwerezedwa pakamwa ndi pakamwa linali limodzi: kuti mayiwa akalankhule ndi makolo awo.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse ya bungweli. Achinyamata amenewa anali nawo kale atsogoleri olimba mtima, anali nawo maloya, anali nazo nyuzipepala zawo. Chimene analibe, chimene mtsogoleri kapena loya sakadatha kuwapatsa, chinali kholo loima pambali pawo dzuwa likuswa mtengo, losachita manyazi. Ndipo Mayi Manford anaona kuti kuseri kwa mwana aliyense wolira pamsewupo kunali nyumba ina, ku Ohio kapena ku Texas kapena pafupi pomwepo ku Brooklyn, mmene munali mayi ndi bambo olira nawonso, koma olirira m'chipinda chotseka. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, anatero akale. Koma munthu mmodzi sangakhale mayi wa khamu lonse, ndipo chofunika chinali kubwezera mwana aliyense kwa kholo lake. Pa ulendo womwewo, akali kuyenda, mayi ndi mwana wawo anayamba kukambirana zoutsa gulu la makolo.

Msonkhano woyamba unachitika pa 11 Malichi 1973 m'nyumba ya mpingo wa Metropolitan-Duane Methodist ku Greenwich Village, ndipo kunafika anthu pafupifupi 20. Gululo linkatchedwa Parents of Gays, ndiko kunena kuti makolo a ana okondana amuna okhaokha kapena akazi okhaokha. Sichinali chinthu chaching'ono kuti khomo loyamba kuwatsegukira linali la kachisi, pakuti ambiri a makolowa anali anthu opembedza, ndipo nkhondo yawo yaikulu inali m'kati mwa mtima, pakati pa zimene anamva pa guwa ndi mwana amene anamuyamwitsa. Bungweli silinawauze kuti asiye chikhulupiriro chawo. Linangowapatsa malo onenera zimene sakadatha kunena kwina kulikonse.

Mwambo umene unayambika masiku amenewo ndi umene ukutsatidwabe m'nthambi za bungweli kufikira lero, ndipo ndi wosavuta kuulongosola, ngakhale mphamvu yake ndi yaikulu. Anthu amakumana, kawirikawiri kamodzi pa mwezi, m'chipinda chobwereka cha tchalitchi, cha sukulu kapena cha nyumba yowerengeramo mabuku. Amakhala mozungulira monga pabwalo, popanda wokhala pamwamba. Ndipo pangano ndi lakuti zokambidwa mmenemo zimathera mmenemo. Kholo lobwera kumene limakhala chete, maso ali pansi, ndipo likamasula lilime funso lake loyamba limakhala lomwe lija la makolo onse: kodi ndinalakwa pati polera mwana ameneyu? Amene amaliyankha ndi kholo linzake limene linafunsa funso lomwelo chaka chatha, ndipo tsopano limatha kutchula dzina la mwana wake ndi la wokondedwa wa mwanayo popanda kunjenjemera milomo. Pabwalo lomwelo pamakhalanso achinyamata amene makolo awo anawakana, ndipo zimachitika kuti bambo amene sanathe kufunsa mwana wake wa iye mwini amafunsa mwana wa munthu wina, namva kwa iye zimene mwana wake wakhala akufuna kumuuza zaka zonsezi. Kuona maso a nkhono n'kudekha: palibe amene amakakamizidwa kuvomera tsiku limodzi, pakuti onse pabwalopo amadziwa kuti fupa lokakamiza limaswa mphika.

M'chaka chomwecho, mu Disembala 1973, bungwe la madokotala a matenda a maganizo la American Psychiatric Association linachotsa mkhalidwewu m'buku lake la matenda. Ndipo mu 1990 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse linachitanso chimodzimodzi. Kwa makolo ichi chinali ngati kutulidwa mtolo umodzi wa iwiri ija, pakuti tsopano wobwera ndi funso lakuti ndinalakwa pati akadatha kuuzidwa, ndi umboni wa madokotala omwe, kuti pamene palibe nthenda palibenso woiyambitsa.

Mbiri ya msonkhano wa ku New York inayenda, ndipo m'mizinda ina munaphuka timagulu totere, tina todziwana, tina tosadziwana. Ku Los Angeles, Mayi Adele Starr ndi amuna awo Bambo Larry Starr anautsa gulu lawo mu 1976, ndipo linakula msanga. Chaka chotsatira, mu 1977, woimba wina wotchuka, Anita Bryant, anatsogolera nkhondo yothetsa lamulo la ku Dade County m'chigawo cha Florida limene linkaletsa kusala anthu otere pa ntchito ndi pa nyumba, ndipo gulu lake analitcha Save Our Children, kutanthauza kuti tipulumutse ana athu. Anapambana pa chisankho. Koma dzina limenelo linadzutsa makolo ambiri amene anali chigonere, pakuti anaona kuti anthu amene akunenedwa monga chilombo cholusira ana ndiwo ana awo enieni, amene anawabereka kumbuyo ndi kuwaperekeza ku sukulu. Apa panaoneka mphamvu ina imene bungweli linali nayo: wandale angathe kunyoza mnyamata wofuula pamsewu, koma n'kovuta kunyoza gogo wa imvi woimirira pamsonkhano ndi kunena kuti, amene mukumunenayo ndi mwana wanga.

Mu Okutobala 1979, pa chionetsero chachikulu cha dziko lonse ku Washington, nthumwi za timaguluti zinakumana maso ndi maso kwa nthawi yoyamba, ndipo zinazindikira kuti mutu umodzi susenza denga. Posakhalitsa, mlembi wa danga la malangizo lotchedwa Dear Abby, limene linkasindikizidwa m'nyuzipepala zambirimbiri ndi kuwerengedwa pa chakudya cha mmawa m'nyumba za anthu wamba, anatchula za makolowa poyankha owerenga; ndipo makalata oposa 7,000 anafika kudzapempha thandizo. Kalata iliyonse inali nyumba imodzi ya zija zotseka mazenera. Poona kuchuluka kwa ntchito, mamembala anapangana mu 1981 zoutsa bungwe limodzi la dziko lonse, ofesi yake yoyamba ili ku Los Angeles, ndipo Mayi Starr ndiwo anakhala pulezidenti woyamba. Mu 1982 bungweli linalembetsedwa m'kaundula wa boma ku California ndi dzina lakuti Federation of Parents and Friends of Lesbians and Gays, lili ndi magulu pafupifupi 20; ndipo zilembo zoyamba za mawu amenewa ndizo zinabala dzina lakuti PFLAG. M'chaka chomwecho Bambo Jules Manford, amene anaima pambali pa akazi awo kuyambira pa msonkhano woyamba, anamwalira.

Bungweli litangoima pa miyendo yake, mliri unagwa. Mu 1981 madokotala a ku America anayamba kulengeza za nthenda yachilendo imene inkapha anyamata a mphamvu zawo, imene pambuyo pake inatchedwa Edzi. Ife a kuno kwathu, amene tinaona nthendayi ikulowa mudzi ndi mudzi, ndi agogo akulera adzukulu amasiye, sitisowa wotiuza za kuwawa kwake, kapena za kunong'ona kumene kunkatsagana nayo pa maliro. Ku America, m'zaka zoyambazo, inagwera kwambiri amuna okondana ndi amuna anzawo, ndipo makolo ambiri ankamva nkhani ziwiri pa lamya imodzi: kuti mwana wawo ndi wotero, ndi kuti ali pafupi kufa. Ena anakwera ndege usiku womwewo. Ena anaumitsa mitima, ndipo ana awo anatsirizika m'manja mwa abwenzi ndi a alendo. M'zaka zimenezo misonkhano ya PFLAG inasanduka malo ophunzirirapo kudwazika matenda ndi malo olirirapo maliro, ndipo amayi amene anaika ana awo ankabwerera ku zipatala kukakhala pambali pa ana a eni amene analibe wowazonda.

Koma panalinso imfa ina, yosachokera ku kachilombo, imene bungweli linalimbana nayo kuyambira pachiyambi. Ndipo palibe nkhani yoionetsa bwino koposa ya Mayi Mary Griffith a ku Walnut Creek m'chigawo cha California. Iwo anali mkhristu wa changu wa mpingo wa Presbyterian, ndipo atamva za mwana wawo Bobby anakhulupirira ndi mtima wonse kuti pemphero ndi chidzudzulo zidzamusintha. Anamupempherera, anamuikira mawu a m'Malemba m'nyumba monse, osaleka usana ndi usiku, ali otsimikiza kuti akuchita ntchito ya chikondi. Bobby anayesetsa, nalephera, nadziona wotayika pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa amayi ake. Ndipo mu Ogasiti 1983, ali ndi zaka 20, anadzipha ku Portland. Mayi Griffith, atawerenga zimene mwana wawo ankalemba m'kabuku kake ka tsiku ndi tsiku, anayenda ulendo wautali wa chisoni umene unawafikitsa pabwalo la PFLAG, ndipo pambuyo pake anatsogolera nthambi ya m'dera lawo, nathera zaka zawo zotsala akuchenjeza makolo anzawo kuti ana amamvetsera mawu onenedwa m'nyumba ndi m'kachisi. Mtolankhani Leroy Aarons analemba mbiri yawo m'buku lotchedwa Prayers for Bobby mu 1995, ndipo mu 2009 linasandutsidwa kanema. Tinazolowera fanizo la mwana wolowerera amene anabwerera kwa atate wake; koma m'mbiri ya bungweli, nthawi zambiri amene amayenda ulendo wobwerera ndi kholo, ndipo chisoni cha Mayi Griffith chinali chakuti anafika mwana atapita.

Pamene ntchito inkakula, likulu linasamukira ku Denver mu 1987 pansi pa utsogoleri wa Mayi Elinor Lewallen, ndipo kenaka ku Washington, pafupi ndi nyumba ya malamulo. Mu 1990 pulezidenti wa bungweli, Mayi Paulette Goodman, analembera kalata Mayi Barbara Bush, mkazi wa mtsogoleri wa dzikolo, monga mayi kwa mayi mnzake. Ndipo yankho limene linabwera, lonena kuti tsankho kwa munthu aliyense kapena gulu lililonse siliyenera kulekereredwa m'dzikomo, linafalitsidwa m'nyuzipepala, ndipo linamveka kutali chifukwa linachokera m'nyumba imene anthu sankayembekezera mawu otere. Mu 1993 mawu otanthauza mabanja anawonjezedwa m'dzina la bungweli, pozindikira kuti pabwalo pamafikanso alongo, agogo, atsibweni, ngakhale ana ndi akazi kapena amuna a anthu otere. Ndipo chaka chomwecho anavomereza kutumikiranso anthu okonda amuna ndi akazi omwe. Mu 1998 anatambasulanso mphasa kuti pakhale anthu amene mumtima mwawo amadzidziwa kuti ndi amuna kapena akazi mosiyana ndi mmene analembedwera pobadwa, ndipo PFLAG inali m'gulu la mabungwe oyamba a dziko lonse kuchita chotero. Dzina litayamba kuchepera anthu ake, mu 2014 anapangana kuti lingokhala PFLAG basi.

Ntchito ya bungweli imaima pa mafuwa atatu, ndiwo kutonthozana, kuphunzitsa ndi kulankhulira ana pamaso pa olamula. Ndipo mphika sukhazikika limodzi likachoka. Makolo a ku Massachusetts anathandiza kuti chigawo chawo chikhale choyamba kukhazikitsa ndondomeko yoteteza ophunzira otere ku nkhanza za pasukulu kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990. Pakati pa zaka zomwezo bungweli linakonza mauthenga a pa wailesi ya kanema, pansi pa dzina lakuti Project Open Mind, oonetsa mmene mawu achidani olankhulidwa ndi anthu otchuka amagwera pa ana. Ndipo mlaliki Pat Robertson anaopseza kuti adzasumira nyumba zoulutsira mawu zimene zidzawaonetse, mwakuti zambiri zinachita mantha, koma mkanganowo unachititsa kuti nkhaniyo imveke koposa. Mu Okutobala 1998, wophunzira wa zaka 21, Matthew Shepard, anamenyedwa ndi kusiyidwa womangidwa pa mpanda kunja kwa Laramie ku Wyoming, namwalira patapita masiku ochepa; ndipo makolo a PFLAG anali pakati pa amene anagogoda pa zitseko za aphungu zaka 11, kufikira lamulo lolanga milandu ya chidani, lotchedwa ndi dzina lake, linasainidwa mu 2009.

M'chaka chomwecho cha 2009, ofufuza otsogozedwa ndi Dr. Caitlin Ryan a ku San Francisco State University anasindikiza zotsatira za kafukufuku wawo m'magazini ya madokotala a ana yotchedwa Pediatrics, zoonetsa kuti achinyamata otere amene anakanidwa kwambiri ndi mabanja awo ankayesa kudzipha kuwirikiza kasanu ndi katatu poyerekeza ndi anzawo amene mabanja awo sanawakane. Chimene mphunzitsi wa ku Flushing anachiwerenga pa nkhope za ana pamsewu mu 1972, ophunzira anachitsimikiza ndi mawerengero patapita zaka 37. Ndipo ichi ndicho chifukwa chake ntchito ya bungweli sinathe pamene malamulo anasintha. Khoti lalikulu koposa la dzikolo linathetsa mu 2003 malamulo onse otsala oyesa anthu otere opalamula, ndipo pa 26 Juni 2015 linalola maukwati awo m'zigawo zonse. Koma lamulo limathera pakhonde, sililowa m'chipinda mmene mwana wa zaka 16 waimirira pamaso pa atate wake, mawu akumukanika pakhosi. Pa chifukwa chimenechi nthambi za PFLAG, zimene zafika mazana angapo m'mizinda ndi m'midzi ya dzikolo, zoyendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, zimayalabe mipando mwezi ndi mwezi. Ndipo m'maiko ena, monga Canada, Britain ndi China, kumene gulu la makolo linayambika ku Guangzhou mu 2008, mabanja anautsa mabwalo awoawo monga mwa chikhalidwe cha kwawo.

Tibwerere tsopano ku nyumba ya ku Flushing kumene tinayambira. Morty anaphunzira za malamulo, nakhala loya, nagwira ntchito monga wothandizira loya wamkulu wa boma la chigawo cha New York. Koma mliri uja sunamudumphe. Mayi Manford, amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi mu 1990, anamudwazika m'nyumba momwemo mmene anakuliramo, ndipo pa 14 Meyi 1992 anamwalira ali ndi zaka 41. Chotero mayiwa anaika mwana wachiwiri wamwamuna, patapita zaka 20 chilembere kalata ija. Mtima wa munthu ungafunse kuti, nanga phindu lake linali chiyani, ngati mpando unakhalanso wopanda mwini wake? Yankho lili m'zaka 20 zimenezo, pakuti Morty anazikhala zonse monga mwana wa m'nyumba, wodziwika ndi wokondedwa monga analili, ndipo tsiku lake litafika sanafere kwa alendo. Chibale ndi fupa, sichiola; koma chimafuna munthu wolimba mtima wochivomereza pagulu pa nthawi imene ena akuchikana. Chaka chotsatira, mu 1993, mayiwa, ali ndi zaka 72 ndiponso chisoni chikali chachiwisi, anathandiza kuutsa nthambi yatsopano ya bungweli m'dera lawo la Queens.

Mayi Jeanne Manford anamwalira pa 8 Januwale 2013 ku Daly City m'chigawo cha California, ali ndi zaka 92. Ndipo mwezi wotsatira Pulezidenti Barack Obama anapereka kwa mwana wawo Suzanne mendulo ya ulemu yotchedwa Presidential Citizens Medal m'dzina la amayi ake. Pa khoma la tchalitchi chija cha ku Greenwich Village, chimene lero chimatchedwa Church of the Village, anakhomapo chikumbutso cha msonkhano wa anthu 20 aja. Ndipo mu 2014 akuluakulu a mzinda wa New York anapatsa dzina latsopano msewu wa 171st Street ku Flushing, pamene banjali linkakhala. Pa chikwangwani cha msewuwo analembapo maina atatu, la Jeanne, la Jules ndi la Morty Manford, mayi ndi bambo ndi mwana wawo pa mzere umodzi, poyera pamene aliyense wodutsa angawerenge, monga momwe mayiwa anafunira kuyambira tsiku limene anatenga cholembera.